Masiku Atatu a Natale: Khasu, Msika ndi Mtsinje Wodzaza

ULONGWE – Anzathu a m'maofesi ku Tete akamanena za mafesita amanena ngati nthawi yopuma, yogona mpaka dzuwa litakwera. Ife a kuno kumalire tikudziwa kuti si choncho ayi. Natale imafika pamene udzu ukupikisana ndi chimanga, nkhokwe yayamba kuonetsa pansi, ndipo mitsinje ikudzaza madzulo alionse. Wofuna kusangalala ayenera kuba nthawi kumunda, ndipo munda sukhululuka.

M'chaka cha 2023 tsiku la 25 Disembala linagwa Lolemba, motero Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba zinalumikizana kukhala masiku atatu a chikondwerero. Masiku amenewo tinali pakhomo pa banja lina m'mudzi wa pakati pa Ulongwe ndi Kalomwe, kumene ukakwera pachulu umaona phiri la Dedza tsidya la malire. Eni khomo anatilola kulemba zimene tinaona, koma anati mayina awo akhale awo. Tidzangowatchula monga amaitanirana okha: agogo, mayi, bambo, malume ndi ana asanu.

Malume, amene ndi mlongo wawo wa mayi, anafika Lachisanu usiku. Iwo ndi mlonda ku Moatize, kwa malasha kuja, ndipo kumudzi amabwera kamodzi pachaka. Ananyamuka m'mawa pa chapa yodzaza anthu, matumba ndi nkhuku, kudzera pa Mussacama, ulendo wa makilomita oposa 200. Kumene anachoka kunali kutentha kwa Zambezi, kotero anavala malaya okha. Pofika kuno kumapiri mano anali kugundana ndi mphepo. Ana anawalandira ndi mfuu nalanda katundu: mafuta ophikira, shuga, kapulana ya agogo, ndi kabokosi koimba nyimbo kotchajira padzuwa. Kabokosi kameneka sikanapume mpaka tsiku limene mwini wake anabwerera.

Mlandu wa mbuzi

Loweruka tambala woyamba atalira, banja lonse linali kumunda, ndi mlendo yemwe. Anamupatsa khasu lake monga mwa mwambo, pakuti mwana wa pakhomo sakhala mlendo kawiri. Anafuna kumaliza kupalira ndime ya kumunsi dzuwa lisanatenthe kuti apeze nthawi ya kumsika. Ndi pakati pa mizere pomwepo pamene nkhani inabuka.

"Alamu," anatero malume atatsamira khasu, "mbuzi yaikulu ija yakhwima. Ana adye nyama yeniyeni chaka chino."

Bambo sanayankhe msanga. Anawerama nazula udzu pa phando limodzi, kenaka analoza masamba a m'munsi a chimanga amene anali atayamba chikasu. "Alamu, mbuziyo ndiye feteleza wathu. Tikaidya Lolemba, chimanga ichi chidya chiyani?"

Kuti mumvetse chimene chinawawa bambowa, muyenera kudziwa za kachitini ka mayi. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mayi anagulitsa nyemba ndi mbatatesi kwa ogula ochokera ku Malawi, ndipo analandira makwacha monga achitira ambiri kuno, kumene kwacha ndi metikali zimayendera limodzi m'thumba limodzi. Anasunga ndalamazo kuti zigule thumba la ureya ndi zofunika za Natale. Koma m'Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Mapepala a m'kachitini anakhala omwewo, osachepa ndi limodzi lomwe, koma osintha ndalama anayamba kupereka mametikali ochepa kwambiri. Ndalama zimene zikanagula zinthu ziwiri zinatsala zokwanira chimodzi. Akuluakulu amakumbukira 2006, pamene metikali yathu inachotsedwa maziro atatu; koma nthawi ija tinauzidwa kale ndipo tinapatsidwa nthawi yosintha. Izi za kwacha anthu anangodzuka nazo.

Tsono malume ndiwo mwini mbumba, ndipo bambo ndi mkamwini. Inu nonse mukudziwa kulemera kwa mawu a awiriwa pamudzi wa chikamwini. Mbuzi anagula ndi bambo, koma khola lili pa nthaka ya akazi awo. Malume nawo sanali kulankhula mwa nkhanza: munthu wakhala chaka chonse akulondera chipata cha eni ake usiku, afuna kuti akafika kwawo aone mbumba yake ikunyambita zala. Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo makasu anayamba kugwa pansi mwaukali kuposa mmene udzu unafunira.

Anathetsa ndi agogo. Iwo sapalira tsopano, amangotola bowa ndi ndiwo m'mbali mwa munda, koma makutu awo ali bwino. Sanayang'ane mkamwini wawo, pakuti apongozi sachita zimenezo. Analankhula ndi mwana wawo wamkazi mokweza kuti onse amve. Anati mbuzi isaphedwe ndipo isagulitsidwe, chifukwa Febuluwale sanafike. Nkhuku ziwiri zikwana. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna namfunsa ndalama zimene anasungira makireti a mowa wa anzake kuti ndi zingati. Malume anaseka mwamanyazi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ku msika

Anafika ku Ulongwe dzuwa lili pamutu, bambo ndi malume pa njinga, mayi ndi mwana wamkazi wamkulu pa mota. Amene anapondako pa Loweruka la pafupi ndi Natale safuna kuuzidwa: matope, mabelu a njinga, nkhuku zolendewera mitu pansi, milu ya kabichi ndi tomato, mapichesi ndi mango, ndi mawailesi atatu kapena anayi oimba nyimbo zosiyana pa nthawi imodzi. Malume anayamba aima pamzere kwa wa e-Mola kuti atape ndalama za m'foni. Atafika kutsogolo ndalama za wothandizayo zinali zitatha, ndipo anakayambanso mzere wina. Ichi chikhale chenjezo kwa amene amalandira ndalama za pafoni kuchokera kwa ana awo a ku Tete, Beira kapena Johannesburg: musadikire tsiku lomaliza.

Feteleza anagulidwa poyamba, bambo ali chiimire pambali mpaka thumba litamangidwa pa kaliyala. Pambuyo pake mpamene anthu anayamba kumwetulira. Mayi anatsatsa mpunga m'malo anayi, akuununkhiza m'manja, kufuna wa fungo uja wa Kilombero wochokera ku Karonga. Mtengo utawakana, anagula wamba wochuluka ndi wonunkhira pang'ono woti asakanize. Anagulanso anyezi, mchere, sopo ndi mabotolo a Frozy, mwana aliyense lake.

Nthawi yambiri inathera pa kaunjika, amene ena kuno amati kalamidade. Mayi anali ndi timizere ta luzi tinayi m'thumba, kalikonse muyeso wa mwana mmodzi amene anatsala kunyumba, ndipo ankayeza kabudula kapena diresi lililonse ndi luzi lake. Mwana wamkazi wamkulu, wa zaka 15, anakana kaunjika. Anali atasiya kale nsalu kwa telala masabata awiri apitawo. Anakapeza telala atazunguliridwa ndi atsikana ena khumi, makina akulira, diresi lake lilibe manja. Analonjezedwa kuti likhala litatha madzulo, ndipo linathadi, ngakhale dzanja lina linatalika pang'ono kuposa linzake.

Kunyumba agogo ndi ana sanakhale chabe. Anyamata awiri anapita ku chigayo ndi mphale napeza mzere wa malichero ndi mabeseni wofika kumsewu. Agogo anaphika phala la thobwa, nathira chimera litazizira pang'ono, nalisiya mumtsuko kuti ligone. Usiku kunagwa mvula yowaza ndipo ngumbi zinatuluka. Ana anathamanga ndi nyali ndi mbale za madzi mpaka anachita kukalipiridwa kuti akagone.

Ngongole ya tsidya lija

Lamulungu linali tsiku lolemera kuposa onse. Banjali ndi la Katolika, ndipo chaka chimenecho 24 Disembala inali Lamulungu lachinayi la Adiventi m'mawa, n'kukhalanso usiku wa Natale madzulo. Mapemphero awiri tsiku limodzi, ndipo pakati pake panali ulendo umene agogo salola kuti ulephereke.

Achinyamata amene anabadwa mtendere utabwera amve bwino apa. Pa nkhondo ya zaka 16 ija, midzi yambiri ya Angonia ndi Tsangano inatsala mabwinja. Anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo m'maboma a Dedza ndi Ntcheu ambiri sanakhale m'misasa yotchingidwa ayi, anakhala m'midzi, pakati pa anthu olankhula chinenero chomwechi ndi a mifunda yomweyi. Agogo anawoloka ndi ana awiri ndi mphika umodzi. Banja lina la tsidya lija linawapatsa malo omangapo kanyumba ndi kandime kolima. Amuna awo anamwalira komweko ndipo anaikidwa m'manda a mudzi umenewo. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, agogo anabwerera ndi ana kudzagwetsa tchire pa munda wa makolo awo, koma mafupa a amuna awo anatsala.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse pa Natale amanyamula dengu la mbatatesi ndi nkhuku imodzi kupita nazo kwa anthu amene anawasunga. Amene anawapatsa malo aja anamwalira kale; tsopano amalandira ndi ana awo. Chaka chino, ndi kachitini kopepuka kaja, mayi anayesa kunena kuti mwina nkhuku itsale, dengu lokha likwana. Agogo anangowayang'ana, ndipo nkhuku yachitatu inagwidwa.

Atatuluka m'tchalitchi ananyamuka asanu: agogo, mayi, malume, mnyamata wa zaka 12 ndi kamtsikana ka zaka 6 kamene kanalira mpaka kanaloledwa. Njira yake ndi ya pansi, yodutsa m'minda ndi m'dambo, pafupifupi maola awiri pa mayendedwe a agogo. Kuno malire ndi mzere umene uli pa mapu. Pansi pali mizere ya chimanga yokhayokha, ndipo munthu umadziwa kuti wawoloka ukamva ana akunena za "Standard 5" m'malo mwa "quinta classe". Komabe tikukumbutsa awerengi kuti B.I. izikhala m'thumba pa ulendo wotere, ndipo katundu wamalonda adzere pa chipata cha Kalomwe, osati m'tinjira.

Kucheza kwake sikunali kwa phokoso. Anayala mphasa pakhonde, analonjerana mmodzimmodzi mpaka onse anatha, anafunsana za mvula, za odwala ndi za amene anatisiya chaka chino. Kumanda sanapite, pakuti kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha mfumu ndi chifukwa chake. Agogo anangokhala moyang'ana ku msitu wa mitengo italiitali uja kwa kanthawi, akusisita mutu wa kamdzukulu kawo. Eni khomo anaphika nsima ndi nyemba, napatsa alendo kathumba ka mtedza wambewu kuti abwerere nako. Anadandaulanso za kwacha yawo, kuti shuga ndi feteleza zakwera moti sakudziwa poyambira. Mayi, amene m'mawa ankaumira nkhuku, anakhala chete.

Pobwerera mitambo inadetsa ku mapiri. Pamene iwo anali sikunagwe dontho, koma atafika pa kamtsinje kamene m'mawa anadumpha pa miyala, anapeza madzi ofiira akukokolola zinyalala ndi nthambi. Malume anavula nsapato nanena kuti afika m'chiuno basi, abereka mwana, kenaka abwerera kudzatenga agogo. Kukada Misa iwapita. Anaponda mwendo umodzi, ndipo tinaona ndi maso athu madzi akuwakankha mpaka anagwira udzu wa m'mphepete.

"Achimwene, tulukani," anatero mayi. "Mwana wanga simulowa naye mmenemo."

Anakhala pa mwala kudikira. Timitsinje ta kuno kumapiri timadzaza msanga ndi kuphwera msanga, ndipo anthu amene timawalira nyengo ino kawirikawiri ndi amene anakana kudikira ola limodzi. Mnyamata anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti aziona ngati akutsika. Linapita ola, linapitanso lina. Kamtengo katatsala pouma ndipo miyala itayamba kuonetsa mitu, anawoloka atagwirana manja, foni ya malume ikuwunikira. Kunyumba anapeza bambo ali panjira ndi nyali, nkhope ili gwa, atayamba kale kuitana anansi.

Ku Misa ya usiku anafika mochedwa, zovala zili ndi matope, koma anapeza ng'oma ndi maseche zili pakati, ana a m'mudzi akuchita sewero la abusa ndi nkhosa zawo atafunda matumba. Agogo anagona tulo pa benchi nyimbo yachiwiri isanathe, ndipo palibe anawadzutsa.

Tsiku lenilenilo

Pa kalendala ya boma tsiku la 25 Disembala limatchedwa Dia da Família, Tsiku la Banja, dzina limene linabwera pambuyo pa ufulu wa 1975 kuti tchuthi chikhale cha onse, opemphera ndi osapemphera. M'mudzi muno a Katolika ndi a Reformada amapita kumatchalitchi awo, a Mboni za Yehova amatenga makasu monga tsiku lina lililonse, koma fungo la anyezi wokazinga limafika pakhomo pa aliyense.

Ana anadzuka mbandakucha, anasamba osakakamizidwa, navala zatsopano. Kenaka anayamba kuzungulira makomo ndi anzawo akufuula "Boas Festas!", kulandira pano bisiketi, apo kandalama, kwina chikho cha thobwa. Abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kabokosi ka malume. Ndipo amayi? Tiyeni tinene zoona: Tsiku la Banja ndi tsiku limene mayi wa pabanja amagwira ntchito kuposa masiku onse. Mayi ndi mwana wawo wamkulu anatunga madzi kanayi, anasosola nkhuku ziwiri, analimbana ndi nkhuni zonyowa utsi uli m'maso, anaphika mpunga mumphika waukulu wobwereka, naphikanso nsima chifukwa bambo amati mpunga ndi chakudya cha mbalame, sufika m'mimba. Diresi la manja osiyana lija linavalidwa dzuwa litapendeka kale.

Chinthu chimodzi tinachiyamikira. Posamba m'manja sanazungulitse beseni limodzi monga kale. Mwana ankathirira aliyense madzi ndi jagi, sopo ali pambali, ndipo m'madzi akumwa munali mutathiridwa Certeza. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi ndi kufikanso m'zigawo zathu, inaphunzitsa makomo ambiri kuno. Nthutumba inapita kwa malume monga mlendo ndi mwini mbumba. Iwo anaidula pakati napatsa alamu awo theka. Amene anaona anamvetsa, ndipo palibe ananenapo kanthu.

Madzulo mudzi wonse unakhamukira ku bwalo la pafupi ndi magolosale. Mbali ina kunali mpira wa anyamata a midzi iwiri, mphoto yake nkhuku. Mbali ina madoda a ngoma anatuluka ndi zishango ndi zibonga, nthenga kumutu, akuponda pansi mpaka matope kuthovoka, amayi akuwomba m'manja ndi kuyimbira. Kuseri kwa magolosale kunali kachasu, ndipo anyamata a mota, ena atalawa kale, ankadutsa pakati pa anthu atakweza atatu atatu. Za ichi mafumu ndi akuluakulu a midzi ayenera kukhalirana pansi Natale ina isanafike, chifukwa pabwalo pamakhala ana ang'onoang'ono ambiri.

Ndipo ndi pomwepo pamene kamtsikana ka zaka 6 kaja kanasowa. Mayi ankayesa kali ndi mkulu wake, mkulu wake ankayesa kali ndi agogo, agogo anali atabwerera kale kunyumba okha. Dzuwa linali litalowa. Bambo anathamangira ku chitsime, malume kumsewu, mayi ankaitana dzina mawu akunjenjemera, ndipo aliyense ankaganiza za mtsinje wa dzulo ngakhale palibe anautchula. Ngoma inaima, mpira unali utatha kale, anthu anabalalika ndi nyali za mafoni. Anakapeza ndi mnyamata woonetsa mafilimu pamene ankatseka chisakasa chake: kali gone pansi pa benchi, botolo la Frozy lopanda kanthu lili m'manja. Kanalowa ndi ndalama ya "Boas Festas". Mayi anakakalipira ndi kukapsompsona nthawi imodzi, ndipo bambo anakabereka kumsana mpaka kunyumba, chinthu chimene sachita kawirikawiri pamaso pa anthu.

Lachiwiri kusanache malume anali kale pamsewu kudikira chapa, atanyamula thumba la mbatatesi, mapichesi ndi nkhuku yowamba. Kabokosi koimba anasiyira ana. Mmene dzuwa linkatuluka, banja linali kumunda: mnyamata patsogolo akuboola ndi kamtengo pambali pa phando, bambo pambuyo akuthira ureya ndi chitsekerero cha botolo, ana ang'ono akukwirira ndi chidendene. Nthaka inali yonyowa bwino ndipo udzu unali utapaliridwa, monga feteleza ameneyu afunira. Zitsekerero zake zinali za mabotolo a dzulo aja.

Tinabwereranso pakhomopo mu Febuluwale 2024, mwezi umene ng'amba inagwa m'madera ambiri a Tete, Malawi ndi Zambia. Chimanga cha ndime ya kumunsi, pafupi ndi dambo, chinali chobiriwira ndipo chinali chitabereka. Cha kumtunda masamba anali atapota. Sukulu zinali zitatsegulidwa ndipo ana anayi anali ndi makope ndi yunifolomu. M'khola munatsala timbuzi tiwiri tating'ono. Yaikulu ija inagulitsidwa sabata yoyamba ya mweziwo, ndipo ndalama zake, anatero mayi, analandira mametikali.